Tsiku limene alamu anakana kudinda chala

Ndinali m'kalasi ndi ana a Sitandade 6 pamene mwana wa achimwene anasuzumira pazenera n'kunena kuti amayi ake akundifuna kuchipatala. Munali mu 2022, madzi a namondwe wa Ana atangophwera kumene, udzudzu uli waliwali, ndiye mtima wanga unangothamangira kuti kamtsikana kawo kotsiriza kakomoka ndi malungo. Ndinasiya choko n'kukwera njinga.

Ndinapeza mwana ali gone kumsana, thupi lili lotentha koma akupuma bwinobwino. Anali atamubaya kale pachala, kachida koyezera kaja kataonetsa mizere iwiri, ndipo mankhwala a malungo a LA anali atalandira. Chimene ankandifunira chinali china. Pachipatalapo panali anthu a kafukufuku wa malungo a ana, ndipo ankapempha kuti mwanayo alowe nawo. Alamu sukulu analekezera Sitandade 2, sawerenga, ndipo lamulo la akafukufuku limati munthu wotere akamadinda chala pa fomu pazikhala mboni yodziwa kuwerenga, yomwe si wa gulu lawo. Achimwene anali ku Mozambique kosaka ganyu. Mboni yapafupi ndinali ine.

Zimene zinachitika m'kachipinda kaja ndazifotokoza pamaliro, muofesi ya aphunzitsi, ngakhale m'bwato, ndipo kulikonse anthu amagawanika. Ena amati namwino uja analibe ulemu. Ena amati ndi iye yekha amene anagwira ntchito yake tsiku limenelo.

## Msonkhano umodzi, nkhani ziwiri

Masiku angapo m'mbuyomo anyakwawa anali ataitanitsa mudzi wonse pansi pa mlambe. Nkhani yoyamba inali kalembera wa mabanja oti alandire chimanga ndi nyemba, popeza minda inali itakwiririka ndi mchenga ndipo makomo ena anali atayamba kale kudya nyika. Nkhani yachiwiri inali ya alendo a kafukufuku, omwe anaimirira, kudzitchula mayina, n'kufotokoza mwachidule zimene abwerera. Atakhala pansi, anyakwawa anamangirira ndi mawu awo: "Anthu awa ndawalandira ndine. Musandichititse manyazi."

Anyakwawa athu si munthu woipa. Iwo amafuna mudzi wawo uzidziwika kuti sukana chitukuko, ndipo mfumu iliyonse ya kuno imadziwa kuti mabungwe amauzana za midzi yovuta. Koma taganizirani mayi amene wagona ndi njala, wabwera kudzamva za chimanga, ndipo akuona mlembi wa mudzi yemwe uja, ndi kope lachikuto cholimba lomwe lija, akulemba mayina a olandira thandizo kutsogolo kwa kopelo ndi mayina a ana osakwana zaka zisanu kumbuyo kwake. Palibe amene ananena kuti ziwirizi n'zogwirizana. Panalibenso amene ananena kuti n'zosiyana.

## "Aphunzitsi, tatipatsani kaye mpata"

Kachipindako kanali kuseri kwa kogawira mankhwala, denga la malata lopanda siling'i. Amene anakhalapo ku Chigwa cha Shire akudziwa mmene mumakhalira masana. Patebulo panali fomu ya masamba angapo, bolopeni, ndi kabokosi ka inki yodindira chala. Pambali pake panali kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, kotupa ndi madzi osefukira, masamba ake atamatirirana moti namwino ankawalekanitsa ndi chikhadabo.

Namwinoyo anali mtsikana wa kumtunda. Fomu inali ya Chichewa, koma iye ankati akawerenga ndime, n'kuibwereza m'Chisena chake chodukaduka. Anafotokoza kuti ana adzagawidwa m'magulu awiri mwamayere, ena kulandira mankhwala owonjezera, ena kulandira mapiritsi ooneka chimodzimodzi koma opanda mphamvu ya mankhwala, ndipo ngakhale iye mwini sadzadziwa kuti mwana uyu wagwera kuti. Anafotokoza za magazi, kuti sadzakwana supuni ya tiyi. Ananena za masiku obwera kuchipatala, za kubwezeredwa ndalama ya thiransipoti, za mavuto amene mankhwalawo angadzetse, ndiponso kuti kukana kapena kusiyira panjira sikusintha chithandizo cha mwana.

Pa ndime iliyonse ankafunsa kuti, "Mwamva, mayi?"

Alamu ankati, "Inde." Koma maso awo sanali pa namwino kapena pa pepala. Anali pa ine. Asanayankhe ankayamba andiyang'ana kaye kunkhope, kenako n'kugwedeza mutu.

Titafika pa tsamba lomaliza ndinali nditagwira kale bolopeni. Namwino anatambasula dzanja n'kutseka kabokosi ka inki kaja.

"Aphunzitsi, pepani, tatipatsani kaye mpata. Tikuitanani."

Zinandinyansa ndithu. Munthu wandichotsa m'kalasi, ana ndawasiya okha, kenako akunditulutsa panja pamaso pa mkazi wa achimwene anga. Ndinakakhala pakhonde ndi anyamata a kabaza, omwe sanachedwe kufunsa ngati aphunzitsi alephera mayeso.

Atandiitananso, fomu inali italowa m'kabati.

"Mayiwa akuti sakufuna kuti mwana alowe," anatero namwino. "Ndiye palibe chosainira. Zikomo kwambiri chifukwa chobwera."

Kenako anatembenukira kwa alamu, mawu ake osasintha ngakhale pang'ono, n'kubwereza za LA: kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, amalize onse ngakhale thupi litazizira, azimwera pa phala kapena atayamwa, akasanza nthawi yomweyo amupatsenso, ndipo akayamba kulefuka kapena kukomoka abwere naye ngakhale usiku. Anawalembera m'kabuku kotupa kaja, pa tsamba limene linali louma.

Zinazo ndinazimva panjira, ndikukankha njinga.

"Anandifunsa kuti, mayi, tandiuzeni m'mawu anuanu, mukakana lero chichitike n'chiyani? Ine n'kunena kuti atifufuta m'kaundula wa chimanga. Iwo n'kuti wanena zimenezo ndani? Ndiye ndinawauza za msonkhano uja."

"Nanga atakuuzani kuti chimanga sichikukhudzidwa, munakaniranji, alamu?"

"Alamu, inu mukudziwa kuti mlatho uja unapita. Ndiziwoloka madzi ndi mwana kumsana mwezi ndi mwezi, kudimba ndisiyire ndani? Komanso abambo ake kulibe. Mwana akapezeka ndi vuto, akwanu adzandifunsa kuti unamva kwa yani. Inu munali pompo mutagwira bolopeni, ndiye ine ndimaona ngati kwanu kwavomera kale."

Kwa ife Asena, mkazi akalowoledwa ana amakhala a kuchimuna. Anzathu Amang'anja mawu omaliza amakhala kwa malume. Fomu sidziwa zonsezi, imangoti kholo kapena womulera mwana. Ine ndinalowa m'kachipinda muja ngati mboni, koma alamu ankaona mtundu wonse wa amuna awo utakhala pampando. Namwino uja anaziona zimenezi m'maso mwawo. Ndinamva pambuyo pake kuti alamu akanavomera ali okha, akanabwereza zonse kuchokera pachiyambi pamaso pa mboni, kaya ine kaya wina amene alamu akanasankha okha, chifukwa mboni iyenera kumva zokambirana zonse.

Chifukwa chokanira chinali mtsinje, dimba ndi banja. Za kuopa magazi, zimene anthu a m'tauni amakonda kutinenera, sanazitchule n'komwe.

## Dzina linaitanidwa

Akafukufuku aja anabwereranso kwa anyakwawa n'kupempha msonkhano wina, wa nkhani yawo yokha. Kope silinabwere, mlembi anakhala pagulu ngati wina aliyense. Mkulu wawo ananena katatu konse, m'Chichewa ndi m'Chisena kudzera mwa mlangizi wa zaumoyo, kuti iwo alibe mphamvu pa chimanga, pa mtukula pakhomo kapena pa mzere wa kuchipatala, ndipo amene analowetsa mwana chifukwa cha mantha amenewo abwere adzakambiranenso. Amayi ena anatulutsadi ana awo. Ambiri anakhalabe, ndipo ena amene ankazemba poyamba anabwera okha.

Koma chimene mudzi unkadikira chinali tsiku logawa. Aliyense ankadziwa kuti kwa achimwene anakana. Dzina la alamu litaitanidwa, iwo n'kusenza thumba lawo, amayi anayang'anizana. Kuyambira pamenepo mawu akuti "muli ndi ufulu wokana" anayamba kumveka ngati zoona.

Ine chondisintha chinali chakuti ndinasiya kuona chilolezo cha amfumu ngati chilolezo cha anthu. Amfumu amatsegula chipata cha mudzi, koma chitseko cha nyumba iliyonse chili ndi mwini wake. Atasankha komiti ya anthu a m'midzi yolangiza akafukufuku, dzina langa linatchulidwa, ndipo sindinakane.

## Wina asandimve molakwa

Sindikudana ndi kafukufuku. Amene tinakula tikumwa chloroquine wowawa uja tikukumbukira nthawi imene anasiya kugwira ntchito, ana akumwa koma malungo osatha. Anthu anayeza, anawerenga, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso atafooka, mu 2007 tinasamukira ku LA, yemwe anachiritsa mwana wa achimwene. Kusintha kulikonse kunadutsa m'matupi a ana a anthu ena, amene makolo awo anavomera kuti ayezedwe.

Katemera wa typhoid amene ana analandira m'dziko lonse mu 2023 anayamba wayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira mu 2018. Kuno kwathu, m'midzi yozungulira Majete, anayesa kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, kuika sefa m'mawindo, ndi kuthira mankhwala m'zithaphwi momwe udzudzu umaswana. Ofufuza amakonda Chikwawa ndi Nsanje chifukwa kuno malungo sapita kutchuthi. Pamenepo ndi pamene pali nkhawa yanga. Dera limene lili ndi matenda ambiri limakhalanso dera la anthu osauka, osawerenga, ndi ozolowera kulandira zinthu kuchokera m'galimoto zoyera. Malo abwino kwa wofufuza ndi malo amenenso munthu savuta kumuvomeretsa.

## Amalondera ofufuza ndani

Malamulo oyendetsera dziko lino, gawo 19 ndime 5, amanena mosapsatira kuti munthu asayesedwe zachipatala kapena zasayansi iye asanavomere. Si mayiko onse amene anaika zimenezi m'malamulo awo aakulu. Pansi pa lamuloli pali makomiti. National Health Sciences Research Committee ili ku unduna wa zaumoyo ku Lilongwe. COMREC ili ku Blantyre, kusukulu ya madokotala imene kuyambira 2021 ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Kafukufuku woyesa mankhwala kapena katemera amadutsanso ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo pamwamba pa makomitiwa pali National Commission for Science and Technology.

Wofufuza asanagwire munthu woyamba, amapereka ndondomeko yake yonse ku komiti. Iwo amayang'ana ngati funso lake lili loyenera kuvutitsira anthu, ngati chiopsezo chikulingana ndi phindu, ngati fomu ili m'chinenero chomveka, ndi chifukwa chimene wasankhira anthu amenewo osati ena. Chilolezo chimaunikidwanso chaka ndi chaka. Wina akadwala kwambiri kapena kumwalira ali m'kafukufuku, nkhaniyo iyenera kukafika ku komiti msanga. M'kafukufuku wamkulu wa mankhwala mumakhalanso kagulu ka akatswiri oima paokha, amene amaloledwa kusuzumira zotsatira ntchito ili mkati, ndipo akaona kuti gulu lina likuvulala amalangiza kuti aimitse.

Zonsezi zinabadwa m'misozi. Malamulo a Nuremberg a 1947 anatuluka m'mlandu wa madokotala a chipani cha Nazi ku Germany amene ankayesera zinthu pa akaidi. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko anangoonereredwa osapatsidwa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, kuti madokotala aone mmene matendawo amathera munthu. Zitaululika, lipoti la Belmont la 1979 linaika mfundo zitatu zimene makomiti amayendera mpaka lero: kulemekeza munthu, kumuchitira zabwino, ndi chilungamo posankha amene asenze katundu wa kafukufuku.

Koma nkhani imene imandikhala pamtima ndi ya ku Kano, ku Nigeria, mu 1996. Kunagwa mliri wa matenda oumitsa khosi, ndipo kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan m'kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira. Makolo ambiri anadzanena kuti sankadziwa kuti ndi kafukufuku, ankaona ngati ndi chithandizo cha mliri, ndipo mlandu unatenga zaka zoposa khumi. Imandikhala pamtima chifukwa malo ake ndikuwadziwa: chipatala chodzaza, makolo osweka mtima, alendo obwera ndi mankhwala. Msasa wa anthu othawa madzi umakhala chimodzimodzi.

Makomiti athu amagwira ntchito, ndipo fomu imene inali patebulo ija inali ndi chidindo chawo ndi nambala ya foni yoti wodandaula aimbe. Koma komiti imawerenga mapepala. Singaone kumene maso a mayi akuyang'ana, singadziwe kuti kope la mlembi linali limodzi. Ndipo nambala ija, kuti aiimbe, mayi ayenera kukhala ndi foni, mayunitsi, netiweki, ndi kulimba mtima kolankhula ndi munthu wophunzira wa ku Blantyre za anthu amene akusamalira mwana wake. Pakati pa ofesi ija ndi khonde la chipatala chathu pali phiri lonse la Thabwa. Ulonda weniweni wa tsiku ndi tsiku uli m'manja mwa namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi mnyamata wolemba mayina pa tabuleti, anthu amene nthawi zina amauzidwanso kuti chiwerengero cha olowa chikuchedwa. Namwino uja potseka inki anadzichotsera yekha nambala imodzi pa lipoti lake la sabata.

## Katemera wa malungo

Pa 23 Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kudzera kusikelo, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Madera ena anasankhidwa mwamayere kuti ayambe kulandira, ena adikire, kuti pakhale poyerekezera.

Mu 2020 magazini ya zachipatala ya BMJ inatulutsa nkhani imene inautsa mkangano. Akatswiri ena a zamakhalidwe anati ngati madera akugawidwa mwamayere ndipo zotsatira zikuwerengedwa, ameneyo ndi kafukufuku, ndiye kholo lililonse linayenera kuuzidwa n'kuvomera, makamaka popeza pa mayeso am'mbuyomo panali mafunso okhudza matenda oumitsa khosi ndi imfa za ana aakazi. Anatchulanso gawo 19 lija. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO anayankha kuti katemerayo anali atavomerezedwa ndi mabungwe oona za mankhwala m'mayikowo, ankaperekedwa ndi maboma ngati akatemera ena onse, ndipo kholo lobwera ndi mwana kusikelo litamva uthenga limakhala lavomera.

Zotsatira zinabwera zabwino. Mantha aja sanatsimikizike, mu Okutobala 2021 WHO inalimbikitsa katemerayu, ndipo kunapezeka kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse m'madera olandira. Ana a kwathu ali moyo chifukwa cha iye, ndipo ndimauza kholo lililonse kuti limalize maulendo onse anayi. Komabe ndimaima ndi amene ankati makolo anayenera kuuzidwa zambiri. Amayi a kusikelo amafika m'mawa, amaimba nyimbo, amamvera mlangizi, kenako amapereka mkono wa mwana ku chilichonse chili pa ndandanda ya tsikulo. Kunena kuti kufika kwawo ndi kuvomera n'kuwerengera chikhulupiriro chawo ngati siginecha. Kuti zinthu zinatha bwino sikuyankha funso loti akanadziwa zonse akanasankha chiyani.

## Magazi amapita kuti

M'komiti yathu funso limene silisowa ndi la magazi. Amene amaseka funsoli aiwala 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kum'mwera kuno mpaka a United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe. Mphekesera zotere zimamera pamene anthu akuona timabotolo tikulowa m'bokosi lozizira, galimoto n'kukwera phiri, osamvanso kanthu.

Mkulu wina wa mpingo m'komiti mwathu amafunsa mafunso omwewo kwa gulu lililonse latsopano, ndipo ndawaloweza. Mutenga ochuluka bwanji, tionetseni kabotolo kake. Akakhala mufiriji ya kuti, kwa zaka zingati. Ngati ena atuluke kunja kwa dziko, chikalata chololeza chili kuti, popeza magazi satuluka popanda mgwirizano wovomerezedwa ndi komiti. Ndipo kodi munthu angavomere kafukufuku wa lero koma n'kukana kuti magazi ake asungidwire kafukufuku wa mtsogolo amene sakumudziwa? Mafomu ambiri amakhala ndi malo apadera a funso lomalizali, koma owerenga akatopa ndi pamene amathamangapo.

Gulu lina linachita chinthu chimene chinathetsa manong'onong'o kuposa misonkhano yonse. Linatenga anthu angapo osankhidwa ndi mudzi, pamodzi ndi mayi wina amene ankatsogolera kukayika, n'kukawaonetsa labotale. Anaona kadontho ka magazi pagalasi, anasuzumira pa makina oonera tizilombo, n'kuona okha tizilombo ta malungo tili m'kati mwa magazi. Mayi uja atabwerako ankafotokoza kuchigayo ngati anapita ku Joni.

China ndi zotsatira. Kafukufuku akatha, zopezeka zimakalembedwa m'Chingerezi m'magazini a kunja, n'kukakambidwa kuhotela kunyanja. Chikalata cha Helsinki, chimene bungwe la madokotala a dziko lonse linalemba koyamba mu 1964 n'kuchikonzanso mu 2024, tsopano chimanena kuti anthu a m'dera azikambirana nawo kafukufuku asanayambe, ali mkati, ndiponso atatha. Ife timatengera pamenepo. Gulu likabwera kudzapempha kulowa m'midzi, timafunsa kuti tsiku lobweza zotsatira lili pati pa bajeti yawo, adzalankhula ndani, ndipo m'chinenero chanji. Ngati mankhwala apezeka kuti sakugwira ntchito, timafuna kumvanso zimenezo.

## Ndalama ya thiransipoti

Apa ndi pamene komiti yathu imakanganirana mpaka dzuwa kupendeka. Mu 2017 komiti ya ku unduna inalamula kuti wolowa m'kafukufuku azipatsidwa ndalama yosachepera madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse. Kwa munthu wa pa ntchito ku Blantyre imeneyo ndi ya thiransipoti ndi nkhomaliro basi. Kuno imaposa zimene mayi angapeze atagwira ganyu masiku angapo m'munda wa thonje wa mnzake.

Namwino wina wopuma pa ntchito, amene timakhala naye m'komiti, amati ndalamayi ndi yochepa kale. Mayi wataya tsiku lakudimba, walipira kabaza ndi bwato, wapereka magazi a mwana wake kuti dziko lonse lipindule, pamene wina aliyense m'kafukufukumo, kuyambira dalaivala mpaka profesa, ali pa malipiro. Amati kuchepetsa ndalama poopa kuti osauka akopeka n'kuwalanga chifukwa cha umphawi wawo. Mawu amenewa ndimawamva, ndipo sindinapezebe powatsutsira.

Koma ndaonanso mbali inayo. Ndaona bambo akukalipira mkazi wake chifukwa chotulutsa mwana m'kafukufuku, osati poganizira thanzi la mwana koma envelopu. Ndamva za mayi wobisa kuti mwana anasanza mankhwala poopa kuti amuchotsa. Zikafika pamenepo mwana ali pachiopsezo, ndipo zotsatira za kafukufukuyo zayamba kunama. M'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zili mbee, munthu sawerenga za chiopsezo pa tsamba lachitatu. Amamva za ndalama pa tsamba lachinayi.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu atadzazanso m'masukulu ndi m'matchalitchi, funso linakula: kodi kafukufuku azichitika n'komwe m'misasa? Ena anati ayi, adikire anthu abwerere m'makomo. Namwino wopuma uja anati kolera ndi malungo zimapha kwambiri m'misasa momwemo, ndiye tikaletsa kufufuza kumeneko tidzakhala tikuthandiza anthu mongoganizira chaka ndi chaka. Ine ndinati achite, koma olemba anthu asakhale omwewo ogawa thandizo, asavale zofanana nawo, asafike pa galimoto imodzi, ndipo munthu apatsidwe fomu apite nayo, akagone, akafunse amene akufuna kufunsa, abwere mawa lake.

Tinamvana pa mfundo yakuti tebulo la kafukufuku lisaikidwe pa tsiku kapena pa malo ogawira chakudya, ndipo amfumu akamalandira ofufuza azinena ndi pakamwa pawo kuti wokana sanalakwire mudzi. Anyakwawa ena anavomera msanga, ena akuti aganizire kaye. Za kuchuluka kwa ndalama sitinamvane, ndipo mlembi waiikanso pa ndandanda ya msonkhano ukubwerawu.